Abambo, mkodzo ukatseka musagone nawo

Ife azaumoyo tikupereka uthenga uwu chifukwa cha mphekesera yomwe tikuimva m'madoko, m'misika ndi pa mabawo kuno ku Mangochi. Akuti bambo akavutika kukodza n'kupita kuchipatala amamuika paipi, ndipo paipiyo ikangolowa ndiye kuti zam'nyumba zathera pomwepo. Ena akuti mkodzo umatseka munthu amene anatcheredwa chifukwa choyenda ndi mkazi wa mwini, ndiye womasula ndi sing'anga yekha. Zonsezi n'zabodza, ndipo bodza limeneli likuwononga impso za abambo athu.

Mwezi wathawu anatibweretsera bambo wina wa zaka za m'ma 60, yemwe moyo wake wonse wakhala akuwedza pa nyanja ya Malombe. Anabwera pa kabaza, mwana wake atamugwirira kumbuyo. Mkodzo unali usanatuluke kuchokera dzana lake. Pansi pa mchombo panali patatupa, polimba ngati dzungu, ndipo ankalephera kukhala pansi kapena kuima, thukuta lili kamukamu. M'thumba la mwanayo munali mabotolo awiri apulasitiki, opanda kanthu, a mankhwala omwe anagula tsiku la msika kuti "atsegule njira". Taganizani: madzi akulowa malita awiri pomwe potulukira patseka. Paipi italowa panatuluka mkodzo wopitirira lita imodzi, chonsecho munthu amamva kale kuti wapanikizika chikhodzodzo chikangofika theka la lita. Bamboyo anapumira m'mwamba, n'kugona tulo pomwepo. Titafunsa chomwe anachedwera, anayankha ndi mwana uja: "Ababa amaopa paipi."

Chimene chimachitika m'thupi

Mwamuna aliyense ali ndi kachiwalo kotchedwa prostate. Kali kunsi kwa chikhodzodzo, kukula kwake ngati ndimu yaing'ono, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake penipeni. Ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna. Kakakula kamafinya njira ija, monga mmene payipi ya madzi imachitira wina akaiponda.

Chimakulitsa ndi mahomoni, timadzi ta m'thupi tomwe timalamulira kagwiridwe ntchito ka ziwalo, pamodzi ndi msinkhu. Machende amapanga homoni yotchedwa testosterone. Ikafika mu prostate imasandulika kukhala ina yamphamvu kwambiri yotchedwa DHT, ndipo imeneyi ndi yomwe imakulitsa kachiwaloka pang'onopang'ono, chaka ndi chaka. Munthu akamakalamba testosterone imachepa m'magazi, koma DHT ya mu prostate sichepa chimodzimodzi. Palinso estrogen, homoni yomwe ambiri amaidziwa ngati ya akazi koma amuna ali nayo pang'ono. Mafuta a m'thupi amaichulukitsa, ndipo akatswiri akuona kuti nayonso ikukhudzidwa. Onenepa kwambiri, odwala shuga, ongokhala osagwira ntchito yotulutsa thukuta, ndi omwe bambo awo kapena achimwene awo anavutikapo, vutoli limawapeza msanga. Umboni woti nkhani ndi mahomoni ndi uwu: mwamuna yemwe anataya machende asanathe msinkhu sakhala ndi vutoli.

Pafupifupi theka la amuna a zaka zapakati pa 50 ndi 60 prostate yawo imakhala itayamba kukula, ndipo mwa opitirira zaka 80 ndi pafupifupi 9 mwa 10 alionse, ngakhale kuti si onse amene amavutika nayo. Ndiye tiuzeni, onsewa anatcheredwa? Mashehe, abusa, mafumu, agogo omwe akhala ndi mkazi mmodzi zaka 50? Si ufiti, si chilango, si kupalasa njinga, si kugonana kwambiri kapena kusagonana. Ndi ukalamba, ngati imvi.

Zizindikiro zake amazidziwa bwino ndi amayi a kunyumba, chifukwa ndi amene amamva chitseko chikutseguka kanayi kapena kasanu usiku umodzi. Bambo amaima nthawi yaitali mkodzo usanayambe, ukayamba umatuluka mofooka kapena modukizaduka, akamaliza amamva ngati wina watsala, ndipo madontho amatsatira atavala kale. Abambo ena achisilamu atiuzapo kuti anasiya kupita kumzikiti chifukwa madonthowa amawadetsera zovala atatawaza kale, ndipo ena asiya kukwera basi ya ku Blantyre kuopa kuimitsa dalaivala panjira. Mwamuna wasiya swala, wasiya maulendo, koma kuchipatala ayi. Izi n'zimene zimatipweteka mtima, chifukwa pa nthawi imeneyi ambiri akanathandizika ndi mapiritsi okha, paipi osaiona n'komwe.

Chonde mvetsetsani pamenepa. Paipi imabwera chifukwa chochedwa. Amene akuithawa pokhala kunyumba ndi amene akuiyandikira.

"Ndi likodzo chabe"

Kuno kunyanja tili ndi chinthu china chomwe chimachedwetsa anthu. Tinakula tikuona anyamata akukodza magazi, ndiye bambo wa zaka 60 akaona magazi mu mkodzo amangoti ndi likodzo, n'kufunafuna praziquantel, mankhwala a likodzo. Likodzo liliko ndithu, ndipo mwa asodzi limafika mpaka ku ziwalo zoberekera. Koma magazi mu mkodzo wa munthu wamkulu angachokerenso ku prostate, ku miyala ya m'chikhodzodzo, kapena ku khansa ya chikhodzodzo, yomwe likodzo lokhalitsa limatha kuyambitsa. Chinzonono chomwe sichinachizidwe bwino zaka zambiri zapitazo nachonso chimatha kupanikiza njira ya mkodzo. Komanso kukula kwa prostate si khansa ndipo sikusanduka khansa, koma khansa ya prostate imatha kuonetsa zizindikiro zofanana. Zonsezi simungazisiyanitse muli pakhonde. Wogulitsa mankhwala ndi chimkuzamawu pamsika nayenso sangazisiyanitse, ngakhale atalumbira chotani.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Amakufunsani mafunso, amayeza mkodzo, ndipo dokotala atavala gulovu amalowetsa chala kumalo ochitira chimbudzi kuti amve kukula ndi kulimba kwa prostate. Sizitha ndi mphindi imodzi yomwe. Tikudziwa kuti abambo ambiri manyazi awo ali pamenepa, makamaka woyezayo akakhala wamsinkhu wa mwana wawo. Mungathe kupempha kuti akuyezeni mwamuna ngati alipo. Pakafunika amatha kukutumizani kukayezetsa magazi a PSA, omwe amathandiza kuona ngati prostate ili ndi vuto, kapena kukaunikidwa ndi sikani.

Njira zachilengedwe: zomwe zimathandiza ndi zomwe zimangodya ndalama

Pali zambiri zomwe mungachite nokha, ndipo sizifuna ndalama. Imwani madzi okwanira masana, makamaka kutentha kwa Okutobala kuno, koma muchepetse kukatsala maola awiri kuti mugone. Abambo ena amasiyiratu kumwa madzi kuti asamakodze pafupipafupi. Kumeneko ndi kuitana matenda a m'chikhodzodzo. Chepetsani tiyi ndi khofi wamadzulo. Mowa, kaya ndi kachasu kaya masese, umadzaza chikhodzodzo mofulumira, ndipo abambo ambiri mkodzo umawatsekera usiku womwe achokera kumowa. Musamasunge mkodzo nthawi yaitali, kaya muli m'bwato kaya pamaliro. Mukakodza dikirani pang'ono, kenako yesaninso kuti wotsala utuluke. Pewani kudzimbidwa, chifukwa chimbudzi chikauma chimapanikiza njira ya mkodzo: idyani nkhwani, chisoso, bonongwe, nandolo, nyemba, mapapaya, ndi nsima ya mgaiwa. Usipa ndi utaka tili nazo pafupi, n'zabwino kuposa nyama yamafuta tsiku ndi tsiku. Yendani, limani, chepetsani mimba ngati yakula, ndipo ngati muli ndi shuga musadumphitse mankhwala.

Chenjezo lomwe ambiri salidziwa ndi la mapiritsi a chimfine. Ena mwa iwo, monga Piriton ndi aja otsegula mphuno okhala ndi pseudoephedrine, amatha kutsekeratu mkodzo mwa bambo amene prostate yake yakula. Musangogula pa okala. Funsani kaye wazaumoyo.

Nanga nthanga za maungu, tomato, adyo, moringa? Idyani, ndi chakudya chabwino. Koma palibe chakudya kapena tsamba lomwe latsimikizika kuti limaphwetsa prostate yomwe yakula kale. Ana athu omwe ali ku Johannesburg amatumiza mabotolo a makapisozi a chitsamba chotchedwa saw palmetto, okwera mtengo, poganiza kuti akuthandiza bambo awo. Kafukufuku wamkulu yemwe anachitika ku America, wofalitsidwa mu 2006 ndi wina mu 2011, anapeza kuti saw palmetto sanapose mapiritsi opanda mankhwala. Ndalama imeneyo ikanakhala thiransipoti yopitira kuchipatala. Za mankhwala a m'mabotolo opanda dzina ndiye tisachite kunena. Simudziwa chomwe chili m'katimo, simudziwa mlingo wake, ndipo impso zomwe zapanikizika kale ndi mkodzo wobwerera m'mwamba sizingapirire zinthu zosadziwika.

Tibwerezenso: njira zonsezi ndi za munthu amene mkodzo ukutuluka ndipo anayezedwa kale. Mkodzo ukatseka, palibe tsamba, palibe muzu, palibe madzi otentha. Ndi kuchipatala, tsiku lomwelo, ngakhale pakati pa usiku.

Zoona zake za paipi

Paipi ndi kachubu kofewa komwe kamadutsa m'njira ya mkodzo kukafika m'chikhodzodzo. Sikakhudza machende, sikadula mtsempha uliwonse, sikachotsa mphamvu ya umuna. Polowa pamamveka kuwawa pang'ono, koma n'kochepa poyerekeza ndi ululu wa chikhodzodzo chodzaza. Ambiri amakhala nako masiku ochepa akumwa mankhwala, kenako amakachotsa n'kuona ngati akukodza okha. Ena amakhala nako nthawi yaitaliko podikira opaleshoni, ndipo kamafunika kusinthidwa pa masiku omwe akuuzani. Musadumphitse tsikulo, ndipo musakazule nokha, chifukwa m'kati muli kabaluni kogwira komwe kangang'ambe njira.

Mankhwala alipo. Tamsulosin amamasula minofu ya pa prostate ndipo ambiri amaona kusintha m'masiku ochepa, ngakhale ena amachita chizungulire akadzuka mofulumira. Finasteride amatchinga kusandulika kuja kwa testosterone kukhala DHT, choncho prostate imaphwa pang'onopang'ono. Pamatenga miyezi pafupifupi 6, ndiye musataye mtima sabata yachiwiri. Mayi woyembekezera asagwire piritsi la finasteride losweka. Sitikubisirani: mankhwala amenewa mwa ena amachepetsa chilakolako, ndipo opaleshoni ikachitika umuna nthawi zambiri umabwerera m'chikhodzodzo m'malo motuluka kunja, ngakhale bamboyo amatha kukhalabe malo amodzi ndi mkazi wake. Zimenezi kambiranani ndi dokotala momasuka. Koma kukhala kunyumba mkodzo uli wotseka mapeto ake ndi mafinya m'chikhodzodzo, miyala, ndi impso zoleka kugwira ntchito, ndipo impso zikawonongeka kwambiri sizibwereranso.

Amayi, ana, adzukulu, nkhaniyi ndi yanunso. Abambo sanena. Mukaona kuti akudzuka kambirimbiri usiku, akuchedwa kuchimbudzi, kapena zovala zikununkha mkodzo, musawaseke ndipo musakawalengeze kudambo kapena pachitsime. Auzeni mwaulemu muli awiri kuti, "Bambo, tiyeni tikaonetse," ndipo muwaperekeze.

Thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo ngati mkodzo waleka kutuluka, ngati muli magazi, ngati akutentha thupi ndi kunjenjemera pamodzi ndi kuwawa pokodza, ngati msana ukuwawa cha m'mbali, kapena ngati miyendo ndi nkhope zatupa. Yambani ndi chipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya muli ku Monkey Bay, ku Namwera, ku Malindi kapena ku Makanjira. Ngati n'kofunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha pa Boma, ndipo ofunika opaleshoni amatumizidwa ku Zomba kapena ku Queens ku Blantyre. Inu okhala kutali, komwe misewu imavuta mvula ikagwa, musadikire kuti mkodzo uchite kutseka. Kayezetseni zizindikiro zikangoyamba. Ponyamuka tengani buku lanu lakuchipatala ndi mankhwala onse omwe mwakhala mukumwa, ndi a m'botolo aja omwe. Sitikukalipirani, tikungofuna kudziwa chomwe chalowa m'thupi.