Mkodzo wa msilikali umaulula zotani za yureniyamu wa kunkhondo?

Msilikali amene anamenya nawo nkhondo ya ku Gulf mu 1991, kapena anatumizidwa ku Bosnia, Kosovo ndi Iraq, akamadandaula za kutopa kosatha ndi kuphwanya kwa thupi, sachedwa kufunsa kuti, "Adokotala, kodi si yureniyamu uja?" Njira yoyezera ilipo, ndipo ndi yodalirika. Koma ife amene timaona za umoyo wa anthu pantchito timadziwa kuti imayankha zochepa kusiyana ndi zimene wodwalayo wabwera nazo.

Yureniyamu wa m'zipolopolo ndi wosiyana ndi amene amakumbidwa ku Kayelekera, ku Karonga. Wa mumgodi amakhala ndi mitundu iwiri ikuluikulu, U-238 ndi U-235. Mafakitale a nyukiliya amafuna U-235, yemwe amangokwana 0.7 peresenti, ndiye akachotsa gawo lalikulu la U-235 pamatsala madeya ochuluka zedi. Madeya amenewo ndiye yureniyamu wosukuluka, amene asilikali amangoti DU. Cheza choopsa chimene amatulutsa (radiation) n'chochepa ndi 40 peresenti poyerekeza ndi wachilengedwe, koma kulemera amaposa mtovu kutali. Opanga zida anamukondera pomwepo, chifukwa chipolopolo chake chimaboola kasinja n'kuyaka mkati. Mu 1991 mokha asilikali anaombera matani pafupifupi 300 ku Iraq ndi Kuwait, ndipo mu 1999 ndege za A-10 zinathira zipolopolo pafupifupi 31,000 ku Kosovo.

DU akakhala kunja kwa thupi ngozi yake ndi yaing'ono, poti cheza chake chambiri sichidutsa ngakhale khungu. Vuto limayamba munthu akapuma fumbi la chipolopolo chimene chayaka, kapena tizidutswa tikalowa m'mnofu. Ambiri amaopa khansa, koma dokotala amayamba waganizira impso, chifukwa yureniyamu ndi chitsulo chapoizoni ndipo wolowa m'magazi amasefedwa kumeneko. Wambiri amatuluka m'masiku ochepa. Amene amakhalitsa ndi fumbi lokanirira m'mapapo ndi tizidutswa tija, zimene zimasungunuka pang'onopang'ono kwa zaka.

N'chifukwa chake kuyeza kumayamba ndi mafunso. Asilikali a ku America amawaika m'magulu atatu. Loyamba ndi la amene anali m'kasinja atawombedwa, pamodzi ndi amene analowamo kukapulumutsa anzawo. Lachiwiri ndi la amakaniko ndi ena amene anagwira ntchito m'magalimoto owonongekawo. Lachitatu ndi la amene anangodutsa mu utsi, monga wa moto umene unabuka pamsasa wa Camp Doha ku Kuwait mu July 1991. Kenako munthu amapatsidwa chigubu choti asungiremo mkodzo wonse wa maola 24.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Tonsefe, ngakhale agogo amene sanaonepo kasinja, tili ndi kayureniyamu mumkodzo kochokera m'madzi ndi m'zakudya. Kungomupeza sikutanthauza kanthu. Labotale yabwino imawerenga mitundu iwiri ija payokhapayokha. Mwa wachilengedwe, pa U-235 mmodzi pamakhala U-238 okwana 138, pomwe mwa DU amafika cha m'ma 500. Nambala ikapendekera uko, ndiye kuti chitsulo cha kunkhondo chili m'thupi. Kodi patapita zaka zambiri chingaonekebe? Inde. Anthu amene ankagwira ntchito pafakitale ya DU ku Colonie, m'chigawo cha New York, anapezeka nacho mumkodzo patatha zaka zoposa 20 fakitaleyo itatsekedwa.

Umboni wolemera kwambiri ukuchokera kuchipatala cha asilikali opuma ku Baltimore, ku America. Kuyambira 1993 madokotala a kumeneko akhala akutsatira asilikali amene anawombedwa mwangozi ndi anzawo omwe ndi zipolopolo za DU. Anayamba ndi 33, gululo linakula kufika pafupifupi 80, ndipo amawaitana zaka ziwiri zilizonse. Amene ali ndi tizidutswa m'thupi akutulutsabe yureniyamu wochuluka mumkodzo, koma madokotalawo sanapeze kuti impso zawo zawonongeka moti n'kudwala nazo. Ndi nkhani yolimbitsa mtima, ngakhale gulu la anthu 80 ndi lochepa kwambiri kuti lionetse khansa imene imagwira munthu mmodzi mwa zikwi. Ku Britain boma linayesa asilikali akale oposa 400, ndipo lipoti la mu 2007 linati palibe amene anapezeka ndi DU. Dziwani kuti kuyezako kunayamba patatha zaka zoposa khumi nkhondo ya ku Gulf itatha. Kuchedwa kotero kunadya chikhulupiriro cha asilikali, ndipo sindiwaimba mlandu.

Mu 2021 akatswiri ofufuza Randall Parrish ndi Robert Haley anafalitsa zimene anapeza atayesa asilikali akale 154 a ku America, ambiri mwa iwo odwala matenda osamvetsetseka a nkhondo ya ku Gulf. Sanapeze DU mwa aliyense. Haley amaloza chala mpweya wapoizoni wa sarin umene unafalikira pamene nkhokwe za zida za Iraq zinkaphulitsidwa. Kwa ine phunziro lalikulu lili pamenepa: anthuwo anali odwaladi, chinalakwika ndi kumene ankafunafuna chifukwa. Pepala lonena kuti mulibe DU silinena kuti munthu ali bwino. Dokotala amene amatseka faelo atangoona pepala limenelo wamusiya wodwala panjira, chifukwa kunkhondo kunalinso utsi wa zitsime za mafuta, mankhwala ophera tizilombo ndi mapiritsi oteteza ku mpweya wapoizoni.

Amene wapezeka ndi DU amayezedwa impso kawirikawiri ndi kujambulidwa pamene pali tizidutswa. Kuchotsa kachidutswa kalikonse si nzeru, poti opaleshoni ingawononge mnofu kuposa chitsulocho, ndiye amachotsa tokulirapo ndi tosavuta kufikira.

Nkhaniyi sinathe. Mu 2023 Britain ndi America analengeza kuti atumiza zipolopolo za DU ku Ukraine, zogwiritsa ntchito pa akasinja a Challenger 2 ndi Abrams. Chofunika kumeneko n'chotchipa: kulemba msilikali aliyense amene analowa m'kasinja wowombedwa, tsiku ndi malo ake, ndi kumutenga mkodzo m'masabata oyambirira, pamene yureniyamu amakhala asanachepe m'thupi.