Database Yanu Idzasintha, Nkhani Ndi Mmene Mukuisinthira

Eni mashopu a ku Kamwala ndi mu Cairo Road ku Lusaka akamafuna sisitemu ya pakompyuta, mawu awo ndi amodzimodzi: "Mutikonzere database yonse kamodzi, tisadzavutikenso." Mawu amenewa ndatopa nawo. Database ndi mosungira zolemba za shopu pakompyuta, m'matebulo a mizere ndi makolamu. Amene ankakonza matebulo mu 2010 akanadziwa bwanji kuti pa 1 Januwale 2013 kwacha ya Zambia idzachotsedwa maziro atatu, K1,000 n'kusanduka K1? Tebulo lopanda kolamu yonena ngati ndalama ndi ZMK (kwacha yakale) kapena ZMW (yatsopano) linkangosakaniza mitengo yakale ndi yatsopano mu lipoti limodzi.

Yambani ndi zimene shopu ikuchita mwezi uno: makasitomala, katundu, malonda. Zina zidzabwera zikafunika. Koma kusintha kulikonse kulembedwe m'kafailo kakekake, kokhala ndi nambala, kosungidwa pamodzi ndi pulogalamu mu Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa mafailo. Timafailo timeneti timatchedwa migration, ndipo zida monga Flyway kapena Liquibase zimatiyendetsa motsatizana n'kulemba tomwe tayenda kale.

Vuto limene limandiwawabe ndi la NRC, chiphaso cha nzika ku Zambia. Wokonza amaona kuti munthu aliyense ali ndi nambala yake, ndiye amaisandutsa primary key ya tebulo la makasitomala, nambala yozindikirira kasitomala aliyense, yosaloledwa kubwerezedwa kapena kukhala yopanda kanthu. Zimayenda bwino mpaka pabwere wamalonda wa ku Congo kapena Tanzania wokhala ndi pasipoti yokha, kapena mwana wosakwana zaka 16. Mzere wa anthu watalika, wapakauntala atani? Amangolemba 000000/00/0. Mawa kukabwera mlendo wina, nambalayo yatengedwa kale, ndiye ngongole yake imalembedwa pa dzina la woyamba uja. Apa n'kuti NRC italowa kale mu tebulo la malonda, la ngongole ndi la malisiti.

Kukonza kwake sikofufuta chakale lero. Onjezerani kolamu yatsopano ya nambala yoperekedwa ndi database yokha, muidzaze pa makasitomala onse akale. Pulogalamu ilembe m'makolamu onse awiri kwa sabata zingapo. Kenako izingowerenga yatsopanoyo. Mukatsimikiza kuti ngongole ya aliyense ikugwirizana ndi ya m'buku, ndi pomwe mumachotsa ulalo wakale wolumikiza matebulo kudzera pa NRC, NRC n'kutsala kolamu wamba yololedwa kukhala yopanda kanthu. Mukazengereza chaka china, mizere yolakwika idzachuluka moti wina adzakhala pansi n'kumaipatula ndi maso.

Pali zinthu ziwiri zosadikira mawa. Nambala ya foni isungidwe ngati mawu, osati ngati nambala yowerengera, apo ayi ziro woyamba wa 097 amasowa. Ndalama zikhale mu kolamu ya DECIMAL, yosunga nambala ndendende, osati FLOAT, yosunga moyerekeza, chifukwa FLOAT imadya tingwee pang'onopang'ono ndipo VAT ya 16 peresenti sidzagwirizana ndi malisiti.

Tsono chenjerani ndi uja amati "amadziwa makompyuta", wotsegula phpMyAdmin, chida chosinthira database pamanja, Lachisanu madzulo n'kumasintha matebulo a sisitemu imene anthu akugulitsirapo, kwinaku akuti ndiyo agile, njira yokonza pulogalamu pang'onopang'ono. Mumufunse kuti migration yake ili kuti, anaiyesa pa kope liti, nanga backup, kope losungira pakagwa vuto, anaibwezeretsapo n'kuona kuti ikutseguka? Mufunsenso za magetsi. PostgreSQL ndi MySQL ndi mapulogalamu oyendetsa database. Mu PostgreSQL kusintha matebulo kungalowe mu transaction, gulu la malamulo lochitika lonse kapena osachitika konse, moti magetsi akazima pakati zonse zimabwerera mmene zinalili. MySQL imasunga lamulo lililonse losintha tebulo likangotha, ndiye pa malamulo asanu mukhoza kutsala ndi atatu ochitika, awiri osachitika, shopu n'kutsegula Loweruka m'mawa sisitemu ikukana kutulutsa lisiti.