Kukhala ndi mpira nthawi yaitali sikupambanitsa rugby

Ndatopa kumva anthu akuti timu yakuti yaberedwa chifukwa ziwerengero za pa TV zaonetsa kuti ndiyo inali ndi mpira nthawi yambiri. Ntchito yanga ndi kusanthula masewero a rugby, ndipo nambala imeneyo ndimaiyang'ana komalizira.

Wogwira mpira ndi amenenso ali pangozi. Akagwetsedwa n'kuchedwa kuusiya, oyimbira amapereka penate, ndipo zikachitikira m'dera lake, mdani akamenya penateyo n'kulowetsa pagolo, mapointi atatu apita. N'chifukwa chake matimu akuluakulu amaumenyera dala kutali kuti mdani avutike nawo kwawo.

Fainolo ya Chikho cha Dziko Lonse ya pa 28 Okutobala 2023 ku Stade de France imandisowetsabe mtendere. South Africa inapambana New Zealand 12-11 osagoletsa try (kukagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa golo la mdani) ngakhale imodzi. Mapointi onse 12 anachokera ku mwendo wa Handré Pollard, mapenate anayi. New Zealand inasewera ndi anthu 14 m'malo mwa 15, kaputeni wawo Sam Cane atapatsidwa kadi yofiira m'gawo loyamba, koma mpira unali wawo kwambiri, ndipo Beauden Barrett anagoletsa try. Pieter-Steph du Toit wa South Africa yekha anagwetsa adani maulendo 28. Nambalayo imasonyeza mphamvu zake, komanso imasonyeza kuti South Africa inathera nthawi yaitali ikudzitchinjiriza.

Tsono mvetsani apa. Richie Mo'unga wa New Zealand anaphonya mpira woonjezera mapointi umene timu imamenya ikagoletsa try, ndipo chakumapeto mnzake Jordie Barrett anaphonya penate yapatali. Umodzi mwa mipira imeneyi ukanadutsa, pepala lomweli la ziwerengero tikanaliwerenga ngati umboni wa chifukwa chimene New Zealand inapambanira. Isanafike mu fainoloyo, South Africa inachotsanso France 29-28 ndi England 16-15. Masewero atatu otsatizana, kusiyana pointi imodzi. Palibe kompyuta imene ingalosere zotere motsimikiza.

Mukafuna nambala zothandiza, onani mapenate amene timu yapereka m'dera lake, amene akukankhidwa pa scrum (pamene osewera akutsogolo a matimu awiriwo amalumikizana mapewa n'kumakankhana polimbirana mpira), ndi mapointi amene timu imatuluka nawo ikalowa mu 22 ya mdani, kutanthauza mamita 22 omalizira kufika pa mzere wa golo lake.

Koma chimene chikundiwawa kwambiri ndi anyamata a pa WhatsApp amene akugulitsa "zotsatira zotsimikizika" kwa obetcha, makamaka abale athu a ku Joni. Amakuonetsani tebulo lodzaza manambala a masewero asanu apitawo, osatchula amene wavulala, mvula, kapena oyimbira wa tsikulo. Akalondola amafalitsa chithunzi, akaphonya amafufuta uthenga. Munthu akayamba kubwereka ndalama kuti abwezeretse zimene waluza, musadikire malipiro a mwezi wamawa. Mukhazikeni pansi lero, ndipo atuluke m'gulu la pa WhatsApp limenelo inu mukuona.