Mmene kachirombo ka dengue kamaswanirana ndi zipangizo za selo lathu

Kachirombo koyambitsa dengue, matenda otentha thupi ofalitsidwa ndi udzudzu, n'kosauka kwambiri. M'kati mwake muli kaulusi kamodzi kosunga malangizo a chibadwa, kotchedwa RNA, ka zilembo pafupifupi 11,000, ndipo malangizo olembedwa pamenepo amangokwana kupanga mapuloteni 10. Ndi katundu wochepa chonchi sikangaswane pakokha. Kamafunika kulowa m'selo lamoyo n'kugwiritsa ntchito zimene kapezamo.

Amakabweretsa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Aedes, uja wa timizere toyera m'miyendo woluma masana. Ukamayamwa magazi umasiya malovu pakhungu, ndipo oyamba kukumana ndi kachiromboka ndi maselo olondera a chitetezo cha m'thupi. Puloteni yakunja ya kachiromboka, yotchedwa E, imakakamira mapuloteni a pamwamba pa selolo, monga DC-SIGN. Selo limakameza m'kathumba poyesa kukagaya, n'kuyamba kuthiramo asidi. Asidi yemweyo ndi amene amasintha kapindidwe ka E, khungu la kachirombo n'kulumikizana ndi la kathumba, RNA n'kukhuthukira m'selo.

Makina a selo opanga mapuloteni, maribosome, sasiyanitsa RNA yachilendoyi ndi ya selo lomwe. Amaiwerenga n'kutulutsa chingwe chimodzi chachitali cha tizidutswa tomangira mapuloteni, ma amino acid, pafupifupi 3,400, chimene sichigwira ntchito mpaka chitadulidwa. Malo ena amadula ndi lumo la kachirombo, NS3 mothandizidwa ndi NS2B, koma malo ena amadula ndi enzaimu (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'selo) ya selo lathu yotchedwa signal peptidase.

Pofika apa pamafunika pobisala, chifukwa RNA ikamakoperedwa poyera selo limaizindikira. Mapuloteni a kachirombo amapinda khungu la chigawo cha m'kati mwa selo chotchedwa endoplasmic reticulum kukhala timatumba, ndipo m'menemo puloteni ya kachirombo ya NS5 imakopera RNA mobwerezabwereza. Kupinda khungu kumadya mafuta ambiri, choncho NS3 imakokera pamalopo enzaimu ya selo yopanga mafuta, fatty acid synthase. Tizirombo tatsopano timatuluka kudzera mu Golgi, njira imene selo limatumizira katundu wake kunja, ndipo kumeneko enzaimu yathu ina, furin, imadula puloteni ya kachirombo ya prM imene imaphimba E. Kachirombo kamene prM yake sinadulidwe konse kamalephera kulowa pakokha m'selo lina.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi mmene kamatsekera pakamwa selo. Selo logwidwa limachenjeza anzake potulutsa interferon, ndipo uthengawo umadutsa pa puloteni ya selo ya STAT2. NS5 imagwira STAT2 n'kuchititsa kuti selo liiphwanye lokha ngati chinyalala. NS2B ndi NS3 nazo zimadula STING, mlonda wina. STAT2 ya mbewa NS5 siitha kuiwononga, n'chifukwa chake mbewa wamba sizidwala dengue ngati anthu, ndipo ofufuza amagwiritsa ntchito mbewa zofooketsedwa chitetezo.

Ngakhale asilikali a m'thupi amatha kusanduka khomo. Dengue ili ndi mitundu inayi. Wochira ku mtundu umodzi amatetezeka ku mtundu womwewo, koma akadzagwidwa ndi wina, ma antibody (mapuloteni a chitetezo cha m'thupi) akale amakakamira kachirombo popanda kukagonjetsa, n'kukalowetsa m'maselo a chitetezo momwe kamaswana bwino. Apa m'pamene kudwala kachiwiri kumaopsera.

Zonsezi zili ndi tanthauzo kwa wodwala. Kachiromboka kamakhala m'selo lathu n'kumagwiritsa ntchito zathu, kotero ma antibayotiki sakakhudza, ndipo LA ndi wa malungo, amene amayamba ndi kachirombo ka mtundu wina kotheratu. Munthu wochokera kumene dengue inabukapo, monga Pemba ku Mozambique mu 2014 kapena Dar es Salaam mu 2019, akatentha thupi koma malungo osapezeka, auze dokotala kumene anali. Zizindikiro zimayamba patatha masiku 4 mpaka 10 chilumidwireni. Amwe madzi ambiri ndi panado. Asipirini ndi ibuprofen ayi, chifukwa zimawonjezera kutaya magazi. Nthawi yoopsa ndi maola 24 mpaka 48 kutentha kukangotsika, pamene mitsempha imayamba kuchucha madzi, ndipo puloteni ya kachirombo ya NS1 ili m'gulu la zochititsa zimenezi. Kupweteka kwambiri m'mimba, kusanza kosalekeza kapena magazi m'nkhama n'zothamangira nazo kuchipatala.

Mu udzudzu namo kachiromboka kamadalira maselo, ndipo kamatenga masiku 8 mpaka 12 kuchoka m'matumbo kufika m'malovu. Bakiteriya wotchedwa Wolbachia akakhala m'maselo a udzudzu amalimbirana nako mafuta monga kolesitero, n'kudzutsanso chitetezo cha udzudzuwo. Ku Yogyakarta, m'dziko la Indonesia, m'madera amene anamwazamo udzudzu wokhala ndi Wolbachia, odwala dengue anachepa ndi 77 peresenti, malinga ndi zotsatira zimene zinatuluka mu 2021.