Dimba, damu ndi malasha: chiyambi cha mkangano wa nthaka ku Tete

Munthu wochokera ku Ulónguè kapena ku Tsangano akamatsikira ku mzinda wa Tete amasiya dziko lozizira la chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, n'kulowa m'chigwa chotentha cha milambe, masawu ndi mbuzi, kumene mvula imagwa pang'ono n'kuthanso msanga. Asanawoloke mtsinje wa Revúbuè amadutsa ku Moatize, ndipo kumeneko amaona milu italiitali ya dothi ndi miyala yofukulidwa m'migodi, komanso fumbi lakuda limene limakhala pa malata, pa masamba a mitengo ndi pa ufa woyanikidwa pabwalo. Alendo ambiri amaganiza kuti mkangano wa anthu a kumeneko ndi makampani a malasha ndi wa fumbi lokhalo. Fumbilo ndi loona, koma mkanganowo ndi wakale kuposa migodi ya masiku ano, ndipo muzu wake uli pa kachigawo ka nthaka ya m'mbali mwa mtsinje kamene ife timati dimba, kamene owerengera chipukuta misozi akhala akulephera kukaikira mtengo kuyambira m'nthawi ya atsamunda.

Kumapiri kwathu dimba ndi lothandizira chabe, pakuti nkhokwe imadzaza ndi chimanga cha kumunda wa mvula, ndipo kudimba timapitako kaamba ka ndiwo ndi ndalama ya sopo. Kuchigwa zinthu n'zosiyana. Munda wa kumtunda umene umadalira mvula umapereka mapira ndi mchewere m'chaka chabwino, koma zaka zabwino sizitsatizana, choncho banja linkakhala ndi moyo chifukwa cha mtsinje. Zambezi ankasefukira chakumapeto kwa dzinja, n'kusiya matope achonde m'mbali mwake ndi pa zilumba, ndipo madzi akamabwerera anthu ankawatsatira pambuyo akubzala chimanga, nyemba, maungu ndi mbatata m'dothi lonyowa, mwakuti ankakolola kawiri pa chaka popanda feteleza. M'maiwe otsalira munkakhala nsomba zochuluka zimene amayi ndi ana omwe ankatha kugwira, ziweto zinkapeza msipu wauwisi m'chilimwe, ndipo bango ndi dongo zinkachokera konko. Kusefukira kwa madzi kunali ndi nyengo yake yodziwika, ndipo akuluakulu ankadziwa malo omanga nyumba ndi malo ongolima.

Dongosolo limeneli linayamba kusokonekera pamene damu la Kariba linamalizidwa mu 1959, koma limene linalithetseratu ndi la Cahora Bassa. Mathithi a pamalopo ndi omwe anabweza David Livingstone mu 1858 pamene ankafuna kukwera Zambezi ndi sitima yapamadzi, ndipo dzinalo anthu amalimasulira kuti pothera ntchito, popeza opalasa mabwato ankalekezera pamenepo. Apwitikizi anayamba kumanga damulo mu 1969, nkhondo ya ufulu ili m'kati, pakuti Frelimo inali itatsegula kale bwalo la nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968. Chifukwa cha ichi kusamutsa anthu kunachitidwa ndi zolinga ziwiri nthawi imodzi, chopatsa malo nyanja yatsopano ndi chotsekera anthu m'midzi yolondedwa ndi asilikali, yotchedwa aldeamentos, kuti asamadyetse omenyera ufulu. Akatswiri a mbiri amati anthu oposa 30,000 anachotsedwa m'mbali mwa mtsinje. Malo a midzi yatsopanoyo ankasankhidwa poona ubwino wake kwa asilikali, ndipo nthawi zambiri anali a miyala ndi osowa madzi, mwakuti anthu amene ankakolola kawiri anayamba kudikira chakudya chogawidwa. Manda a makolo awo ndi malo othirira nsembe anamira pansi pa nyanja yotalika pafupifupi makilomita 250.

Zitseko za damulo, limene khoma lake ndi lotalika mamita 171, zinatsekedwa mu Disembala 1974, ndipo pofuna kudzaza nyanjayo mofulumira oyendetsa ntchito anatsala pang'ono kuumitsa mtsinje kumunsi kwa miyezi ingapo, m'nyengo yomweyo imene nsomba zimaswana ndipo madambo amayembekezera madzi. Kuyambira pamenepo Zambezi wa kumunsi anayamba kuyenda motsatira zofuna za makina asanu opanga magetsi okwana mamegawati 2,075, amene mbali yake yaikulu imapita ku South Africa pa nthambo zotalika makilomita pafupifupi 1,400 mpaka kufupi ndi Johannesburg. Makina amafuna madzi ofanana chaka chonse, choncho kusefukira kwa dzinja kunachepa ndipo madzi a m'chilimwe anachuluka, zimene zikutanthauza kuti dimba silinkalandiranso matope ake, komanso malo ena amene ankauma kuti alimidwe anakhala omira. Matope enieniwo amatsalira m'nyanja kuseri kwa khoma, ndipo madzi oyera amene amatuluka amakokolola magombe m'malo mowamanga. Nthawi zina zitseko zinkatsegulidwa m'nyengo imene palibe mlimi ankayembekezera, mbewu zobiriwira n'kupita ndi madzi usiku umodzi.

Choipa china chinabwera mochenjera. Anthu ataona kuti mtsinje sukusefukiranso chaka ndi chaka, anayamba kumanga m'malo amene makolo awo ankangolimamo, koma madzi saiwala khwawa. Mu 1978 mvula itachuluka, ndipo Kariba ndi Cahora Bassa atatsegula zitseko, madzi anapha anthu 45 n'kusowetsa pokhala anthu oposa 200,000 m'chigwa cha kumunsi, ndipo zofanana ndi zimenezi zinaonekanso ku Mutarara mu 2001, 2007 ndi 2008. Kumathiriro a mtsinje, kutali ndi Tete, madambo a ku Marromeu anayamba kuuma ndipo nkhanu zam'nyanja zimene asodzi a ku Sofala amadalira zinachepa, chifukwa kuswana kwake kumadalira madzi abwino osefukira ochokera kumtunda. Chomvetsa chisoni n'chakuti kwa zaka zoposa khumi magetsiwo sankapita n'komwe ku South Africa, popeza Renamo inagwetsa nsanamira zambirimbiri za nthambo m'zaka za m'ma 1980 ndipo zinakonzedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma mtsinje sunabwezeredwe nyengo zake. Mu Novembala 2007 dziko la Mozambique linatenga magawo 85 pa 100 a kampani ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo tonse tinakondwera pomva Pulezidenti Armando Guebuza akulengeza kuti damulo ndi lathu. Mwini wake anasintha, koma kayendetsedwe ka madzi kanatsalabe kotsatira msika wa magetsi.

Malasha a ku Moatize ankakumbidwa kuyambira m'nthawi ya atsamunda, ndipo njanji inafika kumeneko mu 1949, koma migodi ya nthawiyo inali ya pansi pa nthaka, yoopsa kwa okumba koma yosadya malo ambiri pamwamba. Zinthu zinasintha mu 2004 pamene kampani ya ku Brazil ya Vale inapatsidwa chilolezo chokumba, chifukwa njira yatsopano inali yosenda nthaka yonse ya pamwamba, mitengo, minda ndi midzi yomwe, n'kuphulitsa miyala ndi mabomba kuti malasha aonekere poyera. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja 1,365 anachotsedwa m'midzi monga Chipanga. Amene anawerengedwa kuti ndi a m'tauni anapatsidwa malo ku 25 de Setembro m'tauni ya Moatize, pamene amene anawerengedwa kuti ndi alimi anatengedwa kupita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Kampani ya ku Australia ya Riversdale, imene inagulidwa ndi Rio Tinto mu 2011, inachotsanso anthu a ku Capanga, m'mbali mwenimweni mwa Revúbuè, n'kuwapititsa ku Mualadzi.

Apa m'pamene mbiri ya damu inabwerezedwa, ngakhale kuti nthawi ino panalibe nkhondo yoti n'kunamizira. Pa mapepala zonse zinkaoneka bwino, pakuti anthu ochoka m'nyumba zamaudzu analandira nyumba za simenti zofolera malata, ndipo kunamangidwa sukulu ndi chipatala. Chinali chikomekome cha mkuyu. Nyumba zambiri zinang'aluka zisanathe n'zaka zomwe, mabanja a ku Cateme amene analonjezedwa mahekitala awiri analandira hekitala imodzi, kawirikawiri ya miyala kapena yokhala kale ndi eni ake, ndipo ku Mualadzi madzi ankachita kubwera ndi galimoto. Koma chotayika chachikulu sichinalembedwe pa pepala lililonse. Munthu wa ku Capanga anali ndi dimba la chaka chonse, ankaumba ndi kuotcha njerwa, ankakumba mchenga, ankawedza, ndipo msika wa Moatize ndi wa Tete unali pafupi moti masamba ankafika asanafote. Owerengera anawerenga nyumba, mitengo yazipatso ndi kukula kwa munda, ngati kuti hekitala ya kumtunda wouma ndi yofanana ndi hekitala ya m'mbali mwa madzi, chinthu chimene mayi aliyense wa kumudzi akanawauza kuti si zoona akanamufunsa.

Pa 10 Januwale 2012 anthu mazanamazana a ku Cateme anatseka njanji ya Sena imene imanyamula malasha kupita ku doko la Beira, ndipo apolisi olimbana ndi zipolowe anawabalalitsa mwankhanza n'kumanga ena. Chaka chotsatira oumba njerwa a ku Moatize, amene mauvuni awo anagwetsedwa, anatsekanso njira zolowera ku mgodi podandaula ndi kuchepa kwa ndalama zimene analandira. Boma linakhazikitsa malamulo atsopano a kasamutsidwe ka anthu mu Ogasiti 2012, pamene mabanja ambiri a m'midzi ija anali atasamutsidwa kale. Lamulo la nthaka la 1997 limanena kuti nthaka ndi ya boma koma limavomereza ufulu wa midzi yokhala pamalo mwa mwambo, ndipo alimi ambiri ankakhulupirira kuti likuwateteza, mpaka pamene anaona kuti chilolezo cha mgodi chimalemera kuposa ufuluwo. Bungwe la Human Rights Watch linalemba mu 2013 kuti zilolezo zokumba ndi zofufuza miyala zimene zinali zitavomerezedwa zinkatenga mahekitala 3.4 miliyoni, kapena kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a chigawo chonse cha Tete.

Otsala pafupi ndi migodi nawo sanapeze mtendere. Mgodi unkakula kuyandikira nyumba za ku Bagamoyo, kuphulika kwa mabomba kunkang'amba makoma, njira za kunkhuni ndi kumsipu zinatsekedwa ndi mpanda, ndipo mu Okutobala 2018 anthu a kumeneko analowa mu mgodi n'kuimitsa makina chifukwa cha fumbi. Ku Cassoca, kumene kampani ya ku India ya Jindal inatsegula mgodi wa Chirodzi mu 2013, mabanja anakhala zaka zingapo m'kati mwa malo a mgodi akudikira kusamutsidwa. Eni migodi okha ndiwo ankasinthasintha. Rio Tinto, imene inalipira madola a ku America oposa mabiliyoni atatu, inakanizidwa ndi boma kunyamula malasha pa mabwato mu Zambezi, ndipo inagulitsa migodi yake mu 2014 pa madola mamiliyoni 50 okha. Vale inamanga njanji yodutsa ku Malawi, pa Nkaya ndi Liwonde, kupita ku Nacala, kenako inagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan pa madola mamiliyoni 270, ndipo kusinthanako kunamalizidwa mu 2022. Kampani ikachoka imasiya maenje, milu ya zinyalala za mgodi ndi malonjezo amene wogula amati sanawapange ndi iye.

Ife a kumapiri sitingaloze chala kuchigwa kokha, chifukwa Revúbuè amayambira kwathu ku Angónia. Kuyambira pamene othawa nkhondo anabwerera kuchokera ku Malawi pambuyo pa pangano la mtendere la 1992, nkhalango za ku Angónia, Macanga, Tsangano ndi Chifunde zakhala zikugwetsedwa potsegula minda, pomanga zigafa za fodya ndi pootcha makala, ndipo ambiri timalima mpaka pa gombe penipeni la timitsinje. Phiri lopanda mitengo silisunga madzi, limangowatsitsa onse pamodzi ndi mchenga. Mu Malichi 2019 Revúbuè anasefukira m'madera a Chingodzi ndi Matundo mu mzinda wa Tete, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinjewo. Mvula ya masiku amenewo inali yoopsa payokha, koma inapeza mapiri ali ambee ndipo inapeza nyumba zitamangidwa m'njira ya madzi ndi anthu obwera kudzafuna ntchito za malasha.

Tsopano nkhani yafika pa Mphanda Nkuwa, damu lina limene likukonzedwa makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, loti lizipanga mamegawati 1,500. Mu Disembala 2023 boma linasainirana pangano ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo, ndipo likunena kuti dziko likufunika magetsi, zimene n'zoona, popeza midzi yambiri ya m'chigawo chomwe chino chopanga magetsi ikuunikirabe ndi tochi. Bungwe la Justiça Ambiental, limene lakhala likutsutsa ntchitoyi kwa zaka zambiri, likuti mabanja oposa 1,400 adzasamutsidwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi asodzi, oweta mbuzi ndi ng'ombe, ndi alimi a madimba a m'mbali mwa Zambezi. Anthuwo anamva kale za ku Cateme ndi ku Mualadzi kwa abale awo, ndipo funso lalikulu limene ali nalo ndi la mtunda umene udzakhalepo kuchokera pa khomo la nyumba yatsopanoyo kukafika kumtsinje.