Ma warning a compiler si phokoso chabe, makamaka pa nkhani ya ma lock

Kwa zaka zambiri takhala tikumva zoti bug ya ma lock (maloko a mu code oletsa mbali ziwiri za pulogalamu kugwira data imodzi nthawi imodzi) mu kernel, mtima wa operating system, siingagwidwe ndi compiler (pulogalamu yomasulira code kuti kompyuta iimve), imangooneka kompyuta ikaima, ndiye ma warning bola kungowazimitsa. Zimenezi zatopetsa, ndipo si zoona.

Vuto lodziwika ndi ili, function yatenga spin_lock (lock imene woidikira amangozungulira mpaka itamasulidwa), pakati pachitika error, munthu wangolemba return osamasula lock ija, ndiye wina aliyense wofuna lock yomweyo amangozungulira mpaka kalekale. Testing imaziphonya chifukwa njira ya error ija mwina imadutsidwa mwa apo ndi apo, koma compiler imayenda njira zonse za mu function. Ku Linux, chida chofufuza code cha Sparse chakhala chikudandaula za context imbalance (kutenga ndi kumasula lock kusafanana) kuyambira kale, ndipo compiler ya Clang ili ndi option ya -Wthread-safety, ukalemba kuti variable iyi imatetezedwa ndi lock yakuti, wina akaigwira opanda lock warning imatuluka pompo.

Inde zida zimenezi sizigwira zonse. Ma lock awiri otengedwa mosemphana m'mafayilo osiyana nthawi zambiri amafuna lockdep, chida cha mu Linux chimene chimayang'ana ma lock kernel ikugwira ntchito.

Musangondikhulupirira, lembani kafayilo ka C, ikani ma annotation (zizindikiro zouza compiler function yotenga lock ndi yomasula) pa lock ndi unlock, siyani dala return imodzi yopanda unlock, kenako compile ndi clang -Wthread-safety muone. Ndipo chonde musamauze ongoyamba kumene kuti azizimitsa ma warning musanayese nokha.