Masamu sathawika, ngakhale ukufuna bizinesi kapena zamalamulo

Ana ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akafika Fomu 3 amauzana kuti wofuna bizinesi angolimbikira Business Studies, wofuna uloya agwire History, masamu asiyire anzawo a sayansi. Bodza limeneli lagwetsa ambiri.

Polowa yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chili momwemo. Kirediti ndi giredi 3 mpaka 6. Giredi 1 kapena 2 ndi distinkishoni, yoposa kirediti. Giredi 7 kapena 8 ndi kukhoza ndithu, koma pa chiwerengero cha makirediti sikuthandiza. Tsono maphunziro a akaunti ndi kayendetsedwe ka bizinesi ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre amafunanso kirediti ya masamu. Mwana wa ku Nchalo akapeza 2 mu Business Studies koma 7 m'masamu, khomo limenelo latsekeka.

Zamalamulo n'zina. Ku yunivesite ya UNIMA ku Zomba, maphunziro a digiri ya zamalamulo salowa molunjika kuchokera ku Fomu 4: munthu amayamba kaye digiri ina, n'kudzafunsira malo pambuyo pake. History imaphunzitsa kulemba mfundo motsatirika, koma choyamba n'kusankhidwa kupita ku yunivesite, ndipo masamu abwino amachulukitsa maphunziro amene ungayambire.